Cross-compiler payokha siikwanira, musaiwale laibulale ya C

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene inatuluka pa tsamba lanu la zaukadaulo, yolimbikitsa achinyamata kuphunzira kulemba mapulogalamu a tizipangizo ting'onoting'ono monga Raspberry Pi. Nkhaniyo inali yabwino ndipo mlembi wake ndikumuyamikira. Koma munali chiganizo chimodzi chimene sindingachilekerere, chonena kuti munthu akangoika cross-compiler pa kompyuta yake ndiye kuti wakonzeka kuyamba ntchito. Ine ntchito yanga ndi yomanga mapulogalamu oyenda pa mabolodi a ARM (timakompyuta ting'onoting'ono ta purosesa ya ARM), ndipo anzanga ambiri amene amandipeza atasowa pogwira amakhala ataika kale compiler (pulogalamu yosandutsa khodi kukhala malangizo a purosesa), yoyenera ndithu. Chimene chimawakola ndi laibulale ya C, gulu la ntchito zokonzeka kale zimene mapulogalamu olembedwa mu chilankhulo cha C amadalira.

Kwa owerenga amene sanazigwirepo: kompyuta zambiri za pa desiki zili ndi purosesa ya mtundu wa x86-64, pomwe tizipangizo tambiri tili ndi ARM kapena RISC-V. Mapurosesa amenewa samva malangizo ofanana. Cross-compiler imayenda pa kompyuta yanu yamphamvu koma imatulutsa pulogalamu yoti ikayende pa purosesa ina. Timachita zimenezi chifukwa kachipangizo kamachedwa, kali ndi memole yochepa, ndipo tina tilibe ngakhale malo oti compiler n'kukhalamo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mu GCC, compiler yodziwika bwino pa Linux, mulibe printf, ntchito ija yolembera mawu pa sikirini. Mulibe malloc, mulibe fopen. Ngakhale fayilo ya stdio.h, imene aliyense amailemba pa mzere woyamba wa pulogalamu yake yoyamba, si ya GCC. GCC imabwera ndi timafayilo tochepa chabe monga stddef.h, stdarg.h ndi float.h. Zina zonsezo zimachokera ku laibulale ya C, imene pa Linux zambiri ndi glibc, ntchito imene Roland McGrath anaiyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Komanso pulogalamu siyambira pa main monga timaphunzitsira ana asukulu. Imayambira pa _start, imene ili mu kafayilo ka crt1.o, ndipo kameneka nako ndi ka laibulale. Choncho munthu amene ali ndi compiler yokha amalandira uthenga wakuti stdio.h sikupezeka, kapena wakuti "cannot find crt1.o", iye asanalembe n'komwe china chilichonse cha nzeru.

Apa ndi pamene pamabwera chiyeso. Munthu amafufuza pa kompyuta yake, n'kupeza stdio.h ili phee mu /usr/include, ndiye amangoonjezera -I/usr/include ndi -L/usr/lib kuti compiler ileke kudandaula. Kutereku ndi ngati telala amene wapatsidwa ntchito yosoka malaya a mwana amene sanamuonepo, n'kudziyeza yekha m'chifuwa. Mafayilo a mu /usr/include amafotokoza kompyuta yanuyo. Pa x86-64 mtundu wa long umatenga mabayiti 8, pa ARM ya 32-bit umatenga 4. Kaikidwe ka zinthu mu struct stat n'kosiyana. Ngakhale manambala amene pulogalamu imaitanira kernel (mtima wa Linux, umene umayendetsa makina) ndi osiyana: write ndi nambala 1 pa x86-64, 4 pa ARM ya 32-bit, ndi 64 pa aarch64 (ARM ya 64-bit). Linker, imene imalumikiza khodi yanu ndi malaibulale, kawirikawiri imakana laibulale ya purosesa yolakwika, ndipo kumeneko ndi kutichitira chifundo. Ma headers (mafayilo a .h monga stdio.h) ndiwo oopsa, chifukwa nthawi zina amadutsa mwakachetechete, pulogalamu n'kumangika bwinobwino, kenako n'kumakapereka kukula kwa fayilo kopanda mutu ikafika pa bolodi.

Njira yoyenera ndi sysroot. Iyi ndi foda imodzi pa kompyuta yanu imene mkati mwake mwasanjidwa monga muzu wa chipangizo chija, yokhala ndi usr/include, usr/lib ndi lib zakezake. Mukauza GCC kuti --sysroot n'kutchula fodayo, imasiya kuyang'ana m'nyumba mwanu n'kumayang'ana mmenemo. Lamulo la -print-sysroot limakuuzani kumene compiler yanu ikuyang'ana pakali pano, ndipo -v imaonetsa mafoda onse amene ikufufuzamo. Ine munthu akandibweretsera vuto ndimayambira pamenepo, ndisanaone n'komwe khodi yake.

Funso lalikulu ndi lakuti m'sysroot muikemo laibulale iti. Pa Debian ndi Ubuntu pali maphukusi okonzeka kale. Compiler ndi gcc-aarch64-linux-gnu, laibulale ndi libc6-dev-arm64-cross, imene imakakhala mu /usr/aarch64-linux-gnu. Onani kuti ndi maphukusi awiri osiyana, ndipo amene amakonda kuika zinthu ndi --no-install-recommends amatsala ndi loyamba lokha. Phukusi la crossbuild-essential-arm64 limabweretsa zonse pamodzi. Njira imeneyi ndi yachangu ndipo sindikuinyoza. Koma ili ndi msampha umene umagwira anthu ambiri kuposa wina uliwonse, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono.

Maphukusi amenewa amakupatsani glibc ya msinkhu wa kompyuta yanu, osati wa bolodi lanu. glibc imaika chizindikiro cha mtundu pa ntchito iliyonse imene ili mkati mwake, ndipo pulogalamu ikamangidwa imalemba kuti ikufuna ntchito yakutiyakuti ya mtundu wakutiwakuti. Dongosolo limeneli limathandiza kuti pulogalamu yakale iziyendabe pa glibc yatsopano. Mobwerera m'mbuyo siligwira. Tiyerekeze kuti laputopu yanu ili ndi Ubuntu 22.04, imene ili ndi glibc 2.35, pomwe bolodi lili ndi Debian 11, imene ili ndi 2.31. Mumanga pulogalamu ya mizere isanu, muikopera pa bolodi, ndipo ikukana kudzuka: "version GLIBC_2.34 not found". Munthu amadabwa, poti sanagwiritse ntchito chatsopano chilichonse. Chifukwa chake n'chakuti mu glibc 2.34, imene inatuluka mu August 2021, libpthread ndi libdl anazilowetsa mu libc yeniyeniyo, ndipo __libc_start_main, ntchito imene crt1.o imaitana main isanafikidwe, inalandira chizindikiro chatsopano. Ndiye pulogalamu iliyonse yomangidwa ndi 2.34 kapena yatsopano kuposa pamenepo imafuna chizindikirocho, ngakhale ikhale yongolemba moni.

Mankhwala amene anthu amathamangira ndi oipa kuposa matendawo. Amatenga libc.so.6 yatsopano n'kukaiika pamwamba pa yakale pa bolodi. Amaiwala kuti ls, cp, bash ndi sshd zonse zikutsamira pa fayilo yomweyo, ndiponso kuti libc ndi loader yake (kapulogalamu kotsegula malaibulale pulogalamu ikamayamba) zimayenera kukhala za mtundu umodzi. Zikasemphana, lamulo lililonse limafa, ndi limene mukanabwezeretsera fayilo yakale lomwe. Zikatero chotsala n'kuzula khadi ya SD n'kukaikonzera pa kompyuta ina, ngati bolodilo lili pafupi. Choyenera kusintha ndi sysroot: mangani ndi glibc yofanana ndi ya pa bolodi, kapena yakale kuposa iyo. Ngati pulogalamu yanu ikayenda pa zipangizo zosiyanasiyana, mangani ndi ya chipangizo chokalamba kwambiri.

Safunsa anadya phula, ndipo bolodi limayankha mukalifunsa. Lamulo la ldd --version kapena getconf GNU_LIBC_VERSION limakuuzani mtundu wa glibc. Ngakhale libc.so.6 yeniyeniyo mutha kuiyendetsa ngati pulogalamu, imadzitchula yokha. Koma uname -m musaikhulupirire kwambiri, chifukwa imanena za kernel basi. Pa Raspberry Pi 4 n'zotheka kernel kukhala ya 64-bit pomwe malaibulale onse ndi a 32-bit, ndiye uname ikuti aarch64 koma pulogalamu ya aarch64 singayende. Chodalirika ndi kuyang'ana loader imene ili mu /lib.

Loader imeneyi ndiyo mwini wa uthenga wosokoneza mutu kwambiri pa ntchito yonseyi. Fayilo mukuiona ndi maso anu, ls ikuionetsa, chilolezo choiyendetsa mwapereka, koma mukaiitana shell ikuti "No such file or directory". Chimene chikusowa si fayilo yanu. Pulogalamu iliyonse yodalira malaibulale ogawana ili ndi dzina la loader lolembedwa mkati mwake, ndipo kernel ikalephera kupeza loader imeneyo imapereka uthenga womwewo osatchula chimene yasowa. Lamulo la readelf -l limaonetsa dzinalo pa mzere wa "Requesting program interpreter". Pa aarch64 ndi /lib/ld-linux-aarch64.so.1. Pa ARM ya 32-bit pali awiri: /lib/ld-linux-armhf.so.3 ngati compiler yanu ndi arm-linux-gnueabihf, ndi /lib/ld-linux.so.3 ngati ndi arm-linux-gnueabi. Zilembo ziwiri za hf zija zikunena kuti manambala a madesimo amaperekedwa kudzera m'maregista a VFP, ndipo khodi ya mbali imodzi singalumikizane ndi ya mbali inayo. Ngati bolodi likugwiritsa ntchito musl, laibulale ina ya C, dzina limayamba ndi ld-musl, ndipo pulogalamu yomangidwa ndi glibc siidzapeza chimene ikufuna.

Poti nkhani yanu inatchula Raspberry Pi, pali chinanso chimene eni Pi Zero ndi Pi yoyamba ija ya 2012 ayenera kudziwa. Purosesa yawo ndi ya ARMv6. Maphukusi a armhf (a ARM ya 32-bit ya hf ija) a Debian ndi Ubuntu anamangidwira ARMv7. Dzina la compiler ndi lomwelo, loader ndi yomweyo, koma pulogalamu imagwa ikangoyamba, kawirikawiri ndi "Illegal instruction". Kuonjezera -march=armv6 sikukwanira, chifukwa kumangosintha khodi imene mwalemba inuyo. crt1.o ndi libgcc zinamangidwa kalekale ndi malangizo amene purosesa yakaleyo siiwadziwa, ndipo zimalowa m'pulogalamu yanu momwemo. Ichi n'chifukwa chake Raspbian, Linux ya Raspberry Pi, inakhalapo poyamba: anthu anamanganso maphukusi a Debian kuti agwirizane ndi ARMv6.

Njira imene ine ndimakonda pa bolodi limene lili kale ndi Linux yathunthu ndi yotenga sysroot ku bolodi komweko. Mumayamba mwaika maphukusi a headers pa bolodipo, monga libc6-dev ndi ena amene pulogalamu yanu ikufuna, kenako mumakopera /lib, /usr/lib ndi /usr/include ndi rsync. Mukatero palibenso kukayika za mtundu. Koma ntchito siithera pa kukopera. M'mafoda amenewa mumapezeka masymlink (timafayilo tongolozera ku mafayilo ena) olozera njira yoyambira ku muzu, monga libm.so yolozera ku /lib/arm-linux-gnueabihf/libm.so.6. Pa bolodi njira imeneyo ndi yoona. Pa kompyuta yanu ikulozera kunja kwa sysroot, kumene kulibe kanthu. Linker ikaona symlink yoduka siidandaula, imangotenga libm.a imene ili pambali pake, ndipo mumayamba kulandira madandaulo a zizindikiro zosowa amene sakugwirizana ndi chilichonse chimene mwachita. Masymlink onse otere ayenera kusinthidwa kuti azilozera kuchokera pamene ali. Chinanso chodabwitsa oyamba kumene: fayilo ya libc.so mu usr/lib si laibulale, ndi kalemba kakafupi kouza linker kuti iphatikize libc.so.6, libc_nonshared.a ndi loader. Njira zolembedwamo linker imazimasulira mkati mwa sysroot pokhapokha kalembako kali m'sysroot imene mwaitchula. Mukangokalozera ndi -L, linker imapita kukafuna mafayilowo pa muzu wa kompyuta yanu.

Zida zomangira nazo zili ndi chizolowezi chozembera kunyumba. pkg-config ikafunsidwa za laibulale ina imayankha ndi ya kompyuta yanu mpaka mutaika PKG_CONFIG_LIBDIR ndi PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR. CMake imafuna CMAKE_SYSROOT, ndi kuuzidwa kuti ma headers ndi malaibulale izifuna m'sysroot mokha pomwe mapulogalamu oyendetsa izifuna pa kompyuta yanu.

Pali ena amene amafuna kumanga glibc okha kuchokera ku khodi yake. Ndimawalimbikitsa achite zimenezo kamodzi, chifukwa palibe buku limene lingawaphunzitse zimene adzaone. Vuto lake n'lakuti GCC yathunthu imafuna laibulale ya C, pomwe laibulaleyo imafuna GCC kuti imangidwe. Ndiye amayamba ndi binutils, kenako ma headers a kernel ya Linux ndi make headers_install atatchula ARCH yoyenera, kenako GCC yosakwanira, ya C yokha, yomangidwa ndi --without-headers. Imeneyi ndiyo imamanga glibc, ndipo glibc ikakhala m'sysroot amabwereranso kukamanga GCC yathunthu ndi libstdc++. glibc imakana kumangidwira mu foda ya khodi yake, imafuna foda ina yapadera. Palinso --enable-kernel, imene imanena kernel yakale kwambiri imene laibulaleyo idzalole. Mukaikweza kuposa kernel ya pa bolodi, mapulogalamu akhoza kukana kuyenda, ndipo glibc yakale kuposa 2.36 imapereka uthenga wa "kernel too old".

Pamenepa, Akonzi, ndipemphe kuti chenjezo ili mulisindikize ngakhale mutadula zina zonse. glibc imakonzedwa ndi --prefix=/usr, chifukwa kumeneko ndi kumene idzakhale pa bolodi. Si kumene mukuiika lero. Poiika muyenera kutchula DESTDIR yolozera ku sysroot. Munthu akaiwala DESTDIR, n'kulemba sudo make install mwachizolowezi, akhoza kulemba mafayilo a ARM pamwamba pa a kompyuta yake ya x86-64. Chitetezo chake n'chosavuta: ntchito yonse yomanga toolchain (compiler, linker ndi laibulale pamodzi) ichitike opanda mphamvu za root zimene sudo imapereka, mu foda ya mwini wake. Mukaiwala DESTDIR muli munthu wamba, kompyuta imangokukanizani, basi. Mukatha kuphunzira kamodzi kaja, siyani kuzichita pamanja. crosstool-NG, Buildroot ndi Yocto Project zilipo pa ntchito yomweyi, ndipo zimasunga zosankha zanu mu fayilo imene mnzanu angamangire chinthu chofanana chaka chamawa.

Sikuti glibc ndiyo yokha. musl, ya Rich Felker, inatuluka koyamba mu 2011 ndipo ndi imene Alpine Linux imagwiritsa ntchito. Kwa munthu amene akufuna pulogalamu imodzi yoti ikayende pa bolodi lililonse la Linux la purosesa imeneyo, kumanga ndi musl ndi -static kumathetsa nkhani ya loader ndi ya manambala a GLIBC nthawi imodzi, poti zonse zili m'fayilo imodzi. Ndi glibc, -static ndi yachinyengo pang'ono. Mukagwiritsa ntchito getaddrinfo kapena getpwnam, linker imakuchenjezani kuti pulogalamuyo idzafunabe malaibulale ogawana a glibc yomweyo pa nthawi yoyenda, chifukwa dongosolo la NSS, lofufuzira mayina, limawatsegula mkati mwa ulendo. Malayisensi nawo amasiyana: glibc ndi ya LGPL, imene ili ndi zofuna zake kwa amene amailowetsa m'pulogalamu yogulitsa, pomwe musl ndi ya MIT. Komabe sindine mmodzi wa amene amalalikira musl paliponse. Ngati wopanga bolodi wakupatsani laibulale ya kamera kapena ya GPU yopanda khodi yake, yomangidwa ndi glibc, ndiye kuti wakusankhirani kale.

Za tizipangizo topanda Linux ndingotchula mwachidule, poti anthu amasokoneza mayina. arm-none-eabi-gcc ndi ya mamicrocontroller monga a Cortex-M, ndipo imayenda ndi newlib. Kumeneko kulibe kernel yoti printf ikaiitane, ndiye linker imakufunsani _write ndi _sbrk, zimene muyenera kulemba nokha kapena kutseka pakamwa ndi --specs=nosys.specs. Compiler imeneyi si ya Raspberry Pi yoyenda ndi Linux, ngakhale dzina lake likuyamba ndi arm.

Musanakopere chilichonse ku bolodi, kompyuta yanu yomweyo ingakuuzeni zambiri. Lamulo la file limatchula purosesa ndi loader, readelf -d imaonetsa malaibulale amene pulogalamu ikufuna, ndipo objdump -T imaonetsa manambala a GLIBC, woti muyang'ane ndi wamkulu kwambiri. ldd ya kompyuta yanu ilibe ntchito apa. QEMU, pulogalamu yotsanzira purosesa ina, nayo imathandiza: qemu-aarch64 -L, kutchula sysroot ndi pulogalamu yanu, imaiyendetsa pa laputopu pomwepo. Kungoti ikuiyendetsa ndi laibulale ya m'sysroot, ndiye ngati sysroot yasemphana ndi bolodi, QEMU idzakuuzani kuti zonse zili bwino.

Chomaliza chikukhudza amene akupanga zipangizo za ARM ya 32-bit zoti zikagwire ntchito zaka zambiri, monga mamita ndi zoyezera zimene munthu amakhoma pa khoma n'kuziiwala. Pa zimenezi time_t, nambala yowerengera nthawi m'masekondi, yakhala ya mabiti 32 kuyambira kale, ndipo idzadzaza pa 19 January 2038, nthawi ya 03:14:07 UTC. Kukula kwa time_t kumachokera ku ma headers ndi laibulale za m'sysroot. musl inasamukira ku mabiti 64 pa mapurosesa onse a 32-bit kuyambira mtundu wa 1.2.0 mu 2020. glibc inayamba kulola zimenezi mu 2.34, koma muyenera kupempha nokha ndi -D_TIME_BITS=64 pamodzi ndi -D_FILE_OFFSET_BITS=64, ndipo malaibulale ena onse amene amapatsirana time_t ndi pulogalamu yanu ayenera kumangidwa chimodzimodzi. Kernel nayo iyenera kukhala 5.1 kapena yatsopano kuposa pamenepo, poti m'menemo ndi mmene munalowa maitanidwe a nthawi a mabiti 64 a mapurosesa amenewa. Apa ndi pamene uphungu wanga woti muzimanga ndi glibc yakale umafika polekezera: sysroot ya 2.31 idzakupatsani pulogalamu yoyenda pa bolodi lakale lero, koma ilibe _TIME_BITS, ndipo chipangizo chimene chidzakhale chikugwirabe ntchito mu 2038 chikufunika kukwezedwa dongosolo lake lonse, kernel ndi laibulale limodzi, pulogalamu isanamangidwe.

Ine wanu,
Wowerenga, womanga mapulogalamu a mabolodi a ARM